Malo Atha

Ku ofesi kwathu ku City Centre
mkangano walowa sabata yachitatu.
A Kaphwiti akuti apu basi,
kachizindikiro kathu kakhale pamphumi pa foni iliyonse,
kazilira kokha, kazikodola munthu,
kuti otipatsa ndalama akabwera
aone chinthu cholozeka ndi chala.
Ine ndikuti tsamba limodzi
lodziwa kudzipinda lokha:
pa laputopu litambalale,
pa kafoni kakang'ono lifinye mapewa
ngati wokwera wachinayi
pampando wa minibasi ya ku Area 25.

Lonjezo sayankhula.
Amangowerenga zala pansi pa tebulo:
apu ya mafoni awa, ina ya mafoni awo,
pomwe ife tilipo atatu, wachitatuyo ndi bwana.

Ntchito yake si yaikulu.
Amayi a kaunjika a ku Tsoka
azidziwitsana mtengo wa belo
asanawononge ya kabaza.

Loweruka ndinanyamula apu yoyesera
kupita ku Kawale kwa azakhali Nasibeko.
Foni yawo ndi yong'aluka pakona,
batire lake lomangidwa ndi mphira.
Ndinawagulira bandulo.
Kamzere kanakwawa, kanakwawa,
kanaima pang'ono kuti kapume,
kenaka mawu awiri: malo atha.

Tinayamba kusankha zofufuta.
Nyimbo izi? Ayi, ndi za Mvano.
Zithunzi za majekete? Makasitomala amaziona.
Uthenga wa mdzukulu akuwerenga mpaka teni?
Anangondiyang'ana.
Pansi penipeni panali kanema wa mphindi zinayi,
malemu amuna awo akuvina pachinkhoswe,
tayi itapita kumsana,
miyezi iwiri asanagonekedwe ku Sentulo.
Foni inati chachikulu ndi chimenechi,
chikachoka, apu ilowa.

Sanakalipe.
Anatenga foni m'manja mwanga,
anaipukuta ndi nsonga ya chitenje.
"Mlendo wakoyu ndi wotani,
wofika ndi sutikesi
n'kuuza eni nyumba kuti akagone panja?"

Ndiye ndinalemba adiresi ya tsamba lija,
lomwe ndimalisoka usiku mozemba bwana.
Linatseguka losadzola kanthu,
zilembo zikuluzikulu, mtengo wa belo la ana,
batani lokwana chala chomwe chachapa zovala zaka makumi atatu.
Silinapemphe chipinda.
Linaima pakhomo, linanena zake, linapita.

Koma ndisaname.
Lachiwiri anandiimbira ali pamlatho,
netiweki itathawa,
tsamba langa lili mbee ngati mbale yotsuka.
Apu ikanakumbukira mitengo yadzulo.
Apu ikanawagogodera m'mawa
pamene belo la nsapato linatsika.
Langali silidziwa kuitana munthu,
limadikira kuti ulikumbuke,
ndipo adiresi anaiwala kawiri
mpaka anailemba ndi makala pakatoni.

Zonsezi ndinawauza a Kaphwiti,
za mlatho ndi za kanema yemwe.
Anavula magalasi, anayang'ana foni yawo,
yomwe malo ake sanathepo chiigulireni.
"Tikambirana Lachisanu," anatero,
magetsi n'kuthima,
jenereta ya banki yoyandikana n'kuyamba kutsokomola.

Madzulo ano ndakhala pakhonde ku Biwi,
ndikukoka zenera la laputopu ndi chala,
kulichepetsa, kulichepetsanso,
kuona pomwe mizere ithyokere.
Ndikuphunzitsa tsamba kusunga kamba wapanjira,
timitengo tiwiri titatu m'thumba,
toti lizionetsa netiweki ikathawa,
topepuka kuposa sekondi imodzi ya gule uja.

Sindikudziwa amene apambane Lachisanu.
Ku Kawale katoni ija ili pakhoma,
mvula yafufutako chilembo chimodzi,
ndipo m'foni yomangidwa ndi mphira
bambo uja akuvinabe,
tayi ili kumsana.